Dzinja Limene Dzanja Langa Linafika pa Khutu

Fungo la masamba a tiyi akamafota mufakitale silifanana ndi la tiyi wa m'kapu. Limakhala ngati la udzu womweta umene wagona pamvula, koma lotsekemera pang'ono, ndipo limakakamira m'nsalu. M'dzinja, mphepo ikachokera kumunsi, fungo limenelo linkakwera mpaka ku chitando, kumene antchito a pa esiteti tinkakhala, n'kusakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa ndi makaka a chinangwa amene amayi ankaumitsa pamwamba pa moto. Mpaka lero ndikalimva, dzanja langa lamanja limachita ngati likwere lokha pamutu.

Tinkakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi pa esiteti ina ya kufupi ndi kwa Chimaliro. Abambo ankathyola tiyi, amayi ankapalira m'mizere atabereka mlongo wanga wakhanda, Yohane. Onse awiri anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'dziko la Apwitikizi, ine ndisanabadwe. M'nyumba tinkalankhula Chilomwe, Chinyanja tinkasungira kapitawo ndi tchalitchi. Zaka zanga panalibe ankazidziwa. Amayi ankati ndinabadwa pamene ankabzala tiyi wa kuseri kwa fakitale, abambo ankati ayi, tiyiyo anali atafika kale m'mawondo, ndipo nkhaniyo inkathera pomwepo.

Aphunzitsi a sukulu ya mishoni sankavutika n'kufunsa zaka. Ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wogwira ankalowa, wolephera ankabwerera kukalera makanda. Chaka chapitacho ndinayesa, zala zanga zinathera m'tsitsi, anzanga n'kulowa ine ndikuonerera. Ndinali wochepa thupi koma mutu ngati dzungu, choncho ulendo wa dzanja langa unali wautali kuposa wa ana ena. Zinandipweteka kwambiri, moti dzinja limenelo ntchito yanga inali imodzi, kutalikitsa mkono. Ndinkalendewera panthambi ya mango mpaka m'mapewa mutawotcha, ndinkasenza madzi ndi dzanja lomwelo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayesa ndisanasukusule. Abambo ankandiseka kuti ndikoke khutulo m'malo mwake, mwina ndi limene lingatalike msanga.

Kuwonjezera pa khutu, sukulu inkafuna tiki polowa, kandalama kakang'ono kasiliva kaja ka makobiri atatu. Amayi anaipeza pogulitsa nyemba za kalongonda za kudimba lawo, n'kuimanga mfundo pangodya ya nsalu yawo ya m'chiuno. Siinkachoka pamenepo, chifukwa zitseko za ku chitando zinali za mapesi, komanso abambo tsiku la malipiro ankachuluka anzawo. Ndikagona pafupi nawo ndinkafufuza mfundoyo ndi zala, n'kumamva kuuma kwake. Tiki ya Esinati, kutanthauza ineyo, ndi mmene tinkaitchulira m'nyumba mwathu.

Chimanga chitayamba kudyeka chachiwisi, chala changa chapakati chinakhudza nsonga ya khutu. Posakhalitsa ndinkaligwira ndi zala ziwiri. Ndinaonetsa aliyense pa chitando, ngakhale amene sanandifunse. Chinatsala n'choti mvula ithe, sukulu itsegulidwe.

Mvula isanathe, kunabwera munthu wochokera kutsidya ndi uthenga woti agogo, amayi awo a amayi anga, adwalika, ndipo akuti awaonetse ana asanatseke maso. Anali asanationepo. Abambo sakanatha kupita, chifukwa inali nthawi imene tiyi amaphukira usiku umodzi ndipo kapitawo sankamasula munthu, komanso kutsidyako asilikali a Apwitikizi ankagwira amuna kukagwira ntchito ya msewu. Anangopereka tiki imodzi ya bwato, n'kutimangira mchere pang'ono m'tsamba la nthochi.

Tinanyamuka m'mamawa nkhungu ili mbuu, mizere ya tiyi ikuoneka ngati misana ya ng'ombe zogona. Mame ankazizira m'miyendo, dothi lofiira linkamatira kumapazi mpaka kulemera. Titatsika m'mapiri kunayamba kutentha, tiyi anatha, m'njira munali nandolo ndi chinangwa ndi fungo la matope owira padzuwa. M'njiramo ndi mmene amayi anandiuzira nzeru imene anakonza. Lamulo la pa doko, kuyambira kale, linali loti mwana wa kumsana salipira. Ndiye tikayandikira, iwo andibereke ine, Yohane amunyamule kutsogolo. Ine ndipinde miyendo, nditseke pakamwa. Ndinachita manyazi, ine munthu wa sukulu kuberekedwa, koma amayi anga sanali oti n'kukangana nawo pamsewu.

Ruo tinayamba kumumva tisanamuone. Anali atadzaza mpaka m'mabango, madzi ofiira ngati thobwa, akukokolola zipika ndi zitsa za nthochi. Pa doko panali anthu angapo atakhala pa katundu wawo, ndi bwato limodzi lalitali losema pamtengo umodzi. Mwini wake anali a Khoromana, nkhalamba yaitali yowonda, ya mapazi ong'ambika ndi madzi. Tiki yawo inali ya kupita ndi kubwera, ndipo ankati saiwala nkhope ya munthu amene walipira.

Anayang'ana amayi, kenako anayang'ana mapazi anga amene ankalendewera pafupi ndi mawondo a amayiwo.

"Mayi, khanda lanulo latsala pang'ono kukwatiwa," anatero. "Tamutsitsani."

Anthu anaseka. Amayi anandimasula pang'onopang'ono. Kuyambira pamene iwo anawoloka kalekale, a Khoromana anali atanamizidwa mokwanira ndi makanda a mano onse, ndiye anabwereka nzeru ya aphunzitsi. Amayi sankadziwa zimenezo.

"Iwe mwana, tagwira khutu," anatero nkhalamba ija, akuonetsa ndi dzanja lawo pamutu.

Ndinayang'ana amayi. Ananditong'olera maso, n'kugwedeza mutu pang'ono. Ine ndinamva kuti akuti ndisawachititse manyazi pagulu. Dzinja lathunthu ndinkadikira munthu wamkulu woti andiuze mawu amenewa. Ndinaimirira chilili, ndinadutsitsa dzanja, ndinagwira khutu lonse ndi zala zitatu, n'kutembenuka kuti a kumbuyo nawonso aone bwino.

"Tiki," anatero a Khoromana.

Pamenepo doko lonse linalowerera. Bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu, wa chipewa choyera, ananena kuti pa sitima ya ku Luchenza ana amalipira theka, ndipo sitimayo ndi ya azungu, anthu odziwa kuwerengera. Mayi wina anati mwana amadya theka, amagona theka la mphasa, alipirirenji ngati bambo wa ndevu. Wina anati kamwanako n'kopepuka kuposa mtolo wa chinangwa umene ukuwoloka ulere. A Khoromana ankangokapa madzi m'bwato ndi chikho, ngati nkhaniyo ndi ya anthu a mudzi wina. Atamaliza anawongoka.

"Sitima yanuyo imayenda pa chitsulo, siimira m'madzi," anatero. "Wa kumsana ndi wa mayi wake, bwato likatembenuka ine sindimuwerengera. Uyu akhala payekha, akagwa womulumphira ndine. Kodi munthu amamira theka?"

Akazi awo a Khoromana, amene ankagulitsa nthochi pansi pa mkuyu, anauza amayi kuti andisiye ndi iwo, ndizigona ndi adzukulu awo mpaka adzabwere, ndipo safuna kanthu. Anali mayi ooneka achifundo, ndipo anali atandithyolera kale nthochi. Amayi anayang'ana mayiwo, anayang'ana kutsidya, Yohane akuwakoka mkanda. Kenako anakoka ngodya ya nsalu yawo. Mfundo inali itauma ndi thukuta la miyezi yonse ija, moti anaimasula ndi mano. Tiki inatuluka yakuda, n'kusiya chizindikiro chake chozungulira pansalu.

"Amayi, imeneyo ndi ya sukulu," ndinatero.

"Ndikudziwa," anayankha, osandiyang'ana.

A Khoromana anawerenga anthu ndi chala, n'kundiwerenga ine pakati pa mayi wa chinangwa ndi mnyamata wa khasu. Atafika pa bambo wa nsalu uja anati anthu akwana, adikire ulendo wachiwiri. Bamboyo anadandaula kuti wasiyidwa chifukwa cha kamwana, koma sizinathandize. Ine a Khoromana anandikhazika pansi pa bwato, pakati pa mapazi awo, msana wanga utatsamira miyendo yawo. Ndinkalira mosatulutsa mawu, ndipo ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Pakati pa mtsinje madzi ankanunkha dothi ndi masamba ovunda. Bwato linkapita chammbali, akulipalasa molunjika kumtunda kuti tikakocheze kumunsi. Chipika china chimene chinkayenda pansi pa madzi chinatigunda kumbuyo. Bwato linapendekeka, madzi ozizira analowa, ine n'kutsetserekera kumbali mpaka phewa linanyowa. Sindinachite mantha, chifukwa panalibe nthawi yake. Dzanja la a Khoromana linali litandigwira kale pamkono, n'kundibweza pakati pa mapazi awo ngati akubweza nkhuku m'dengu, nkhafi ili m'dzanja linalo. Anangopitiriza kupalasa. Zala zawo zinasiya mabala akuda pamkono wanga, mkono womwe uja wa khutu, ndipo ndinawawonjezera pa milandu yawo.

Agogo tinawapeza pamphasa m'kanyumba konunkha utsi ndi mankhwala a zitsamba. Anali aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, maso atachita khungu. Sanali munthu wa mawu okoma. Anadandaula kuti tachedwa, anadandaula kuti mchere ndi wochepa. Kenako anati awapatse mwana wamkuluyo. Anandipapasa kumaso, m'makutu, pamutu ponse, n'kunena m'Chilomwe kuti mutu uwu ndi wa amuna awo, palibe kukana. Anandigwira padzanja madzulo onse osandisiya, ngakhale pamene ankasinza, ine nditakhala mwendo utachita dzanzi. Amayi anali pakhomo, akuyamwitsa Yohane, akutiyang'ana. Agogo anamwalira tisanabwerere, ndipo tinakhalira maliro.

Pobwerera mtsinje unali utaphwerako. A Khoromana sanafunse kanthu, anangondilozera malo anga pakati pa mapazi awo.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita ndekha. Ndinagwira khutu, aphunzitsi anavomera ndi mutu, n'kufunsa tiki. Anandilola kukhala kumbuyo kwa masiku angapo, kenako anati ndibwere ndalama ikapezeka. Malipiro a abambo a mwezi umenewo anapita ku msonkho, kalongonda anali atatha. Chaka chotsatira kapitawo anaona kuti mwana amene amagwira khutu angagwirenso kakhasu, ndipo ndinalowa m'gulu la ana ozula udzu m'mizere ya tiyi. Kuwerenga ndinadzaphunzira nditakwatiwa kale, m'kalasi ya amayi ku tchalitchi, mwana wanga woyamba ali kumsana.

Ubwana wanga wonse ndinkati a Khoromana anandibera sukulu, ndipo anaba pogwiritsa ntchito mkono wanga womwe. Nditakula ndinawakhululukira mosavuta. Ndayenda ndi ana anga m'mabasi ndi m'sitima, ndawachepetserapo zaka ngati mayi wina aliyense, ndipo sindinakumanepo ndi kondakitala amene polandira ndalama ankalonjeza kulumphira mwana wanga m'madzi. Nkhalamba ija inali munthu woyamba kundiwerenga ngati munthu wathunthu, ndipo ntchito ya mtengo umenewo inaigwira.

Chimene chinanditengera nthawi kuona n'chakuti iwo sanamasule mfundo ija. Pansi pa mkuyu panali malo oti ndikhale ulere, nthochi ili m'manja, tiki yanga ili m'chiuno mwa amayi. Amayi anadziwa chimene ankagula ndi chimene ankataya, ndipo anati akudziwa. Sanandidzudzulepo za khutu lija, ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinawafunsepo za tiki. Nsalu ija anaivala mpaka inatha, kachizindikiro kozungulira kali pangodya pake, ndipo pochapa ndinkaona kuti pamenepo ankapadumpha.