Hita ya Adada

Ndinachoka ku Katowo chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni. Amama anali atangomwalira, ndipo pakhomo panali zii moti sindikanatha kukhazikika. Adada sanandiletse. Anangoti ndisaiwale jekete, chifukwa anamva kuti ku Joni kumazizira.

Ndinaseka. Munthu wokulira m'munsi mwa Nyika n'kuopa chisanu cha kwa eni? Koma Juni woyamba anandichotsa matama. Kwathu ukazizidwa umatola nkhuni, kumeneko kufunda amagula. Ndinayamba ndi hita ya magetsi, mayunitsi ankatha ngati pali wina akumwa. Parafini anali wotsikirapo mtengo, koma zovala zinkanunkha mpaka abwana anandifunsa ngati ndimagona m'galaja. Makala ndinawasiya mnzanga wa ku Mhuju atagona ndi mbaula m'chipinda chotseka, osadzukanso. Gasi ndiye anandikomera. Kugula hita yake kumawawa, koma silinda imodzi inkandifikitsa patali. Ndikaweruka ndinkakhala nayo maso ndi maso, foni ili m'manja, kudikira kuti wina kumudzi andiyankhe.

Amene ankayankha ndi mchemwali wanga Tiwonge, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi. Adada akutsokomola kwambiri, achipatala anawauza kuti atalikirane ndi utsi, koma m'mawa uliwonse amasonkha chimoto pabwalo. Bulugamu wakuseri kwa nyumba watha, tsopano akugula nkhuni za pangolo. Ndinapsa mtima. Ndinaona kuti ngakhale silinda izikwera pikiapu kukadzazidwa kutauni, gasi sangafike pa mtengo wa nkhuni ndi mankhwala. Ndinagula hita yatsopano n'kupatsira wathiransipoti. Adada anaimba foni n'kunena kuti yewo chomene, chinthucho n'chokongola.

Nditabwera mu Julaye, chifuwa chawo ndinachimvera pamsewu. Hita ija ndinaipeza pabalaza, itafunditsidwa kansalu kopeta ka Amama, pamwamba pali wailesi. Silinda inali idakali pafupifupi yodzaza. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo. Ndinawafotokozera za magetsi, parafini, makala ndi gasi ngati ndikugulitsa, iwo akungogwedeza mutu. Ndinkaopa kuti chisanu china chikadzabwera sindidzawapeza.

M'mawa mwake anasonkhabe moto wawo. Utsi utangokwera, anatulukira a Gondwe atanyamula mpando wawo. Kenako a Mhango ndi mbatata m'thumba la jekete, kenako mkulu wa mpingo amene ankati akungodutsa koma anakhala mpaka dzuwa kutentha. Ankakangana za mitengo ya feteleza, n'kumaseka Adada kuti ali ndi mwana wolemera koma amawotha ngati mlonda. Adada ankatsokomola, misozi ili mbwee chifukwa cha utsi, koma ankaseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo chimwalirireni Amama.

Anthu atabalalika ndinayambiranso, koma motsitsa mawu. Ndinati gasi ndi wotchipa, ndipo alibe utsi.

"Ndinayatsapo sabata imodzi," anatero. "Imafunditsa bwino chomene. Koma anthu akapanda kuona utsi amayesa ndikugona, amangodutsa."

Tikiti yobwerera inali kale m'chikwama, ndipo mtima unali utayamba kale kuthamangira kumsewu. Adada anakankhira chikuni pamoto ndi phazi, n'kundiyang'ana.

"Nanga iwe mwana wane, kumene uliko kuja, umawotha ndi ndani?"