Ndidayanika miyendo ya roboti pa malata

Tsiku limene ndidamulakwira mwana wanga padali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati mkuluyu akupeka. Padali mayi a kunyumba kwanga, a Nambewe. Padali mwana wanga wachisamba, Filimoni, amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsaru. Padali ahedi a sukulu yakeyo, mayi Kachingwe, amene adabwera pa njinga yamoto ya kabaza. Padali a Chimphepo, mkulu wa mpingo wathu. Padalinso a Zuze, owotcherera zitsulo pamsika, amene takhala tikulimbirana makasitomala chiyambire unyamata wathu. Wachisanu ndi chimodzi ndidali ine, ndipo mwa onsewa wolakwa ndidali ine ndekha.

Ine ndine mmisiri wa ngolo. Ngolo zimene mumaziona zitasenza fodya ndi mtedza kuchokera ku Kabudula, mukafunsa kuti adakhoma ndani, zambiri akulozerani kwa ine. Mawu anga ndi aakulu, ndikamanong'ona amamva ali kudambo. Sukulu ndidalekezera Sitandade 3. Dzina ndimalemba, tepi yoyezera ndimawerenga, koma pepala lodzaza zolemba ndimalitafuna pang'onopang'ono ngati wopanda mano atapatsidwa chimanga chokazinga. Zimenezi sindidafune kuti munthu azidziwe, ngakhale mudzi wonse umadziwa.

Chaka chathachi Filimoni adabwereka makina kwa mnzake wa ku tauni, oti awasunge teremu imodzi yokha. Amawatcha pulinta, koma sasindikiza mapepala. Ali ndi kamlomo kotentha kamene kamasungunula chingwe cha pulasitiki n'kumachiyala mzere pamwamba pa mzere, monga amayi amaumbira mphika, mpaka chinthu chitaoneka. Mwanayu adafuna kupanga roboti yooneka ngati munthu, ya mutu, manja ndi miyendo. Mapulani adawapeza pa intaneti. Adali a roboti yaitali ngati mnyamata, iye n'kuichepetsa kuti ingofika m'bondo, poti pulinta idali yaing'ono. Iyenso kadali koyamba. Ahedi adamuuza kuti akadzaiona ikuyenda ndi maso awo, adzampatsa chipinda ndi nthawi yoti ana a sukulu aziphunzira zimenezi, ndipo adzalemba kalata yopempha kuti pulinta ikhalebe pasukulupo. Ikapanda kuyenda, pulinta ibwerere kwawo teremu ikatha.

Tsono kuchepetsa kuja kudabweretsa vuto. Chilichonse chidachepa, ndi mabowo omwe. Timabawuti sitimalowa, ndipo timamota toyendetsa mawondo sitimakwana m'malo mwake. Apa ndi pamene mwanayu adabwera kwa ine. Adati zipangizo ndili nazo, tupa ndi zoboolera, ndipo manja anga sanjenjemera. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti ntchitoyo akadaitha yekha. Adaona kuti msana wanga udayamba kukana, ekiselo ya ngolo sindinyamulanso, ndipo masiku ambiri ndimangokhala pashedi kukalipira nkhuku. Adandipatsa ntchito yopepuka kuti ndikhalebe mmisiri. Ine pa nthawiyo ndidangoti, eya, ophunzira afika pothera nzeru, abwera kwa eni ntchito.

Manja tidapangira limodzi, masabata atatu, Loweruka lililonse. Inu owerenga, sindikubisirani, idali nthawi yokoma. Ndimapala tizidutswato ndi tupa, iye n'kumalumikiza mawaya. Tsiku limene kadzanja kadafumbata koyamba n'kutambasukanso, ndidaseka mpaka a Nambewe adatuluka m'nyumba kudzaona ngati ndagwa. Tsiku lina ndidapalasa njinga kupita kunyumba kwake kusukulu kukaona pulinta ikugwira ntchito. Ntchafu imodzi imatenga theka la tsiku, ndipo magetsi akathima pakati, ayambirenso. Chidutswa china chitatha, adandipatsa m'manja. Chidali chofunda, chikununkhira ngati shuga wopserera. Mumtima ndidati, ichi n'chachiwisi. Sindidanene, ndidangosunga.

Lolemba la sabata yoti ahedi adzaione roboti adabweretsa miyendo m'katoni: ntchafu ziwiri, misongolo iwiri ndi mapazi awiri. Adati ndiboole, ndipale, ndilumikize, iye abwera Loweruka m'mawa ndi thupi ndi mutu. Adayamba kundifotokozera zina, koma ine ndidali pakati pouza munthu wina wodzakonzetsa goli mmene ndidakhomera ngolo yanga yoyamba, ndipo sindidatseke pakamwa. Mwanayu adadikira, n'kudikira. Kenaka adakhala pansi, adalemba pepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kundipatsa. Ndidalipinda n'kuika m'thumba la ovololo. Ndidati pamaso pa mlendo uja, kodi pepala lingandiphunzitse ine kuboola bowo?

Tsono mverani nzeru zanga zimene ndidaziyesa zakuya. Kwathu kuno chilichonse chimayanikidwa. Chimanga timayanika, mtedza timayanika, fodya timapachika m'chigafa, njerwa timaumitsa tisadaotche. Thabwa laliwisi ukakhomera ngolo, pakatha miyezi iwiri limapindika n'kulavula misomali. Ine ndidati mwanayu sadziwa za umisiri, akufuna kumanga ndi zinthu zosauma. Lachiwiri m'mawa ndidakwera pa makwerero n'kuyala zidutswa zonse zisanu ndi chimodzi pa malata a denga la shedi. Udali mwezi wa Novembala mvula isadagwe, dzuwa loti ukaponda mchenga umavina. A Nambewe adandiona, adafunsa kuti kodi mwana wanena kuti mutero? Ndidawayankha kuti iwo ayang'ane za kumunda. Kenaka ndidapita ku maliro m'mudzi woyandikana nafe.

Ndidabwerako dzuwa litapendeka. Nditakwera padenga, ndidapeza zonse zitaonongeka. Zidutswa zija zidafewa n'kugona m'makwawa a malata. Ntchafu imodzi idapindika ngati nthochi. Mapazi adakwinyika ngati masamba a fodya wouma. Mabowo ozungulira adasanduka ngati maso a munthu watulo.

Inu owerenga, kuyanika kuja kudali kusadziwa, ndipo kusadziwa si tchimo. Tchimo langa lidayambira pamakwerero paja. Foni idali m'thumba. Chingwe cha pulasitiki chidatsalako chokwanira, ndimadziwa chifukwa ndidauona mpukutu wake. Masiku adalipo atatu athunthu. Ndikadangoimba n'kunena kuti mwana wanga, ndaononga, akadasindikiza ina. Koma ndidali nditauza kale msika wonse wa Nsaru kuti ine ndi mwana wanga tikupanga munthu wa makina, ndipo miyendo ndi ntchito ya manja anga. A Zuze ndidawaitana ndekha kuti adzaone zimene moto wawo wowotcherera sungapange. A Chimphepo ndidawaitana pabwalo la tchalitchi, mokweza. Ndine ndidaumiriranso kuti ahedi abwere kushedi kwanga, osati kusukulu. Ndiye ndiimbe foni kuti ndaononga, ine?

Ndidawiritsa madzi, ndidaviika zidutswa zija, n'kuzipana pakati pa matabwa awiri, pamwamba n'kutsindirapo mwala. Zidawongokako, moti munthu woyang'ana patali sakadaona kanthu. Koma nditaika tepi, mwendo wakumanzere udali waufupi, ndipo phazi silimakhala bwino pansi. Ndidapala apa, ndidakulitsa bowo apo, timabawuti tokana ndidatilowetsa ndi mphamvu ngati ndikumanga gudumu la ngolo. Pomaliza ndidatenga penti yabuluu yotsala pa ngolo n'kupaka miyendo yonse kawiri kuti zipsera zisaoneke.

Loweruka Filimoni adafika m'mawa ndi thupi ndi mutu atazikulunga m'bulangeti. Adatenga mwendo umodzi, adautembenuza, n'kuuyendetsa chala. Kenaka adafunsa motsitsa mawu kuti, bambo, zonse zayenda bwino? Ndidamuzazira kuti iwe ukufunsa ine, ndidayamba kulumikiza zinthu amako asadakubereke. Adafunsanso kachiwiri, kuti palibe chimene chidachitika? Ndidati chidachitika ndi penti, uthokoze. Adalumikiza timamota ndi batire, ndipo asadapeze mpata woyesa, njinga ya ahedi idamveka pamsewu.

Tidaika roboti pa thebulo langa lopalira matabwa. Idaima mopendekera pang'ono, ine n'kuimirira mbali yomwe idapendekera kuti anthu asaone. Filimoni adadina pa foni yake. Kamutu kadatembenuka kuyang'ana ahedi, iwo n'kugwira pakamwa. Dzanja lidakwera n'kubayibitsa. A Chimphepo adavula chipewa, akuti tawonani zimene ana athu akupanga. Ngakhale a Zuze adasendera pafupi. Ine ndidatukula chifuwa.

Kenaka idafika nthawi yoyenda. Mwendo wakumanja udaponda bwino. Wakumanzere udanyamuka, udatera cham'mbali. Kamota ka m'bondo kadayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi, fungo la waya wopsa lidamveka, bondo lidati thyo, ndipo kamunthu kathu kadagwa chamutu kuchoka pathebulo mpaka pansi. Mutu udagubuduka n'kukaima pa nsapato ya ahedi.

Amene adayamba kulankhula adali a Zuze. Adati, kodi miyendoyi si ija mumati ndi ya manja anu, achimwene? Sadanene mwachipongwe kwenikweni, koma kwa ine zidali ngati andithira tsabola m'maso. Ndipo pakamwa panga padatseguka. Ndidanena mokweza, mawu anga onse aja, kuti ine ndidamuuza mwanayu kuti mapulasitiki akewa ndi zidole, sadamve. Ndidati ana a masiku ano sukulu yambiri koma manja alibe, amangokopera za pa foni osadziwa kuti chinthu chimaima bwanji. Ndidati ikadakhala ya thabwa bwenzi ikuthamanga. Ndidanena zonsezi pamaso pa abwana ake.

Filimoni adagwada n'kutola mutu uja. Adapukuta fumbi ndi malaya ake. Adauza ahedi kuti, pepani madamu, kulakwa ndi kwanga, sindidaiyese bwino. Mayi Kachingwe ndi munthu waulemu. Adati ayesetsa, koma sangalembe kalata pa chinthu chimene sichidayende, ndipo chipinda chija aikamo madesiki othyoka. Teremu itatha pulinta idabwerera ku tauni. Ana asukulu amene adalembetsa kale maina kwa mwana wanga adangouzidwa kuti mwina mtsogolo.

Patapita masiku atatu chigwereni roboti ija, a Nambewe akuchapa ovololo yanga adapeza pepala lija. Iwo amawerenga bwino, ndi amene amawerenga Baibulo ku Chigwirizano cha amayi. Adabwera kushedi, adakhala pa chitsa, n'kundiwerengera mosakweza mawu. Mzere woyamba penipeni, wa zilembo zazikulu zoti ngakhale ine ndikadautha, umati zidutswazi zisakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto, zimafewa. Atatha adalipinda n'kundiikira pabondo. Adati iwo adandiona padenga, adakhala chete tsiku lija kuti asandivule pamaso pa alendo, koma sadadziwe kuti ndivula mwana wanga kuti ndifunde ndine. Adanyamuka n'kukapitiriza kuchapa.

Zidanditengera masabata awiri kuti ndikwere njinga. Tsiku lililonse ndimapeza chifukwa: tayala lilibe mpweya, msana, mitambo. Miyendo yabuluu ija idali pashedi m'katoni, ndipo ndimaitembenuzira kukhoma ngati ili ndi maso.

Inu owerenga, makamaka inu amisiri anzanga a imvi, mverani ine. Luso la thabwa ndi la thabwa. Chinthu chatsopano chikabwera pakhomo, zaka zanu zonse za ntchito sizikupangani katswiri wake, ndinu woyamba ngati wina aliyense. Mwana akamalankhula tsekani pakamwa, ngakhale mudamusambitsa ndinu. Akakupatsani pepala, ngati maso kapena sukulu zikuchepa, muuzeni akuwerengereni, palibe amene adafa nazo. Ine ndakhala ndikuuza anthu kuti safunsa adadya phula, osadziwa kuti mbale yanga ya phula idali ikundidikira. Ndipo mukaononga, nenani tsiku lomwelo, zinthu zikadali zokonzeka. Pulasitiki yopindika amasindikiza ina. Mawu amene ndidanena pamaso pa anthu aja palibe makina owasungunula. A Chimphepo ndi a Zuze ndidawauza zoona pambuyo pake, ahedinso ndidapita kukawauza, chipewa chili m'manja, koma pulinta idali itapita kale.

Koma woyamba kumuuza adali mwini wake. Ndidampeza pakhonde akuchonga mayeso a ana. Adandipatsa mpando, adandilonjera mwaulemu ngati palibe chidachitika. Ndidatulutsa mwendo wabuluu m'thumba n'kuuika pathebulo. Ndidafotokoza zonse, za denga, za madzi otentha, za penti, za pepala. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga munthu adachita kusendera pafupi kuti amve zimene ndikunena. Nditatha, adatenga mwendo uja, adagwira chala changa n'kuchiyendetsa pantchafu pamene padali kamzere kolowa m'kati pansi pa penti. Ndipo adati:

"Bambo, ili ndi lata la pashedi panu. Ndidalimva m'mawa womwe uja nditangougwira, n'chifukwa chake ndidakufunsani kawiri. Ndikadatha kunena pamaso pa anthu aja. Koma pulinta ndingakabwerekenso kwina, nanga bambo ndikadakabwereka kuti? Ikadzabweranso, mabowo mudzaboola ndinu. Koma pepala tidzawerengera limodzi."