Ndege Imene Ndinagwetsera pa Nkhokwe ya Mayi Wamasiye

Inu owerenga, ine ndine nkhalamba imene inachititsa mayi wosalakwa kutchedwa mfiti kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chida changa chinali ndege yoseweretsa. Sekani, palibe mlandu. Inenso ndimaseka ndikakumbuka zina, koma ndikafika pa mayiyo kuseka kumatha.

Alamu anga a Zulu, amene anakwatira mlongo wanga, anali makanika kumigodi. Atapuma ntchito anabwerera kuno ku Chipata ndi bokosi lalitali, m'kati mwake muli ndege. Mapiko ake anali ngati munthu atatambasula manja, injini yake ngati chibakera, ndipo inkamwa mafuta akeake ofiira. Inkayendetsedwa ndi limoti ya mlongoti ndi timitengo tiwiri. Pampando wa woyendetsa alamu anamatapo kachidole ka mutu wokhawokha, kovala chipewa.

Ine ndinkakonza njinga pafupi ndi msika. Loweruka lililonse masana ndinkamanga bokosilo pa keliyala, n'kupita nawo kubwalo la mpira kunja kwa tauni. Ntchito yanga inali kunyamula, kugwira mchira poliza injini, ndi kuombera m'manja.

Chimene chinkanditopetsa ndi khadi. Alamu anali ndi khadi lolembapo zoyenera kuchita asanaulutse, ndipo ankaliwerenga mokweza mzere ndi mzere ngati katekisimu. Ankayamba kuyatsa limoti, kenako ndege. Ankapima batire ya m'kati. Ankagwedeza mapiko kuona ngati malabala omangira mapikowo agwira. Ankakankha timitengo uku akuyang'ana ngati mchira ukutembenukira koyenera. Kenako ankayenda mapazi makumi atatu ndi limoti, mlongoti uli wopinda, kuti aone ngati ndege ikuwamvera ali patali. Ankainyamula pa zala ziwiri kuti aone ngati sikulemera kumchira, n'kuponya udzu m'mwamba kufunsa mphepo. Pomaliza ankathamangitsa mbuzi ndi anthu kutsogolo.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Alamu, tabwerera ndege kapena misa?”

Iwo anati, “Alamu, ndege imamva pepani ikadali pansi. Ikakwera, makutu imasiya kuno.”

Ndikawapempha kuti ndigwireko limoti, yankho linali limodzi: tsiku limene ndidzawerenge khadi lonse ndekha, adzandipatsa. Apa ndi pamene panagona vuto. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu koma sindinkadziwa kuwerenga. Anzanga akupita kusukulu ine ndinali kumbuyo kwa ng'ombe za amalume. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa ndi mkazi wanga yekha. Ndinkayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya, ndipo wina akandipatsa pepala ndinkati magalasi ndaiwala kunyumba. Magalasi amenewo sindinagulepo.

Mwezi wa mphepo, anthu atakolola, alamu anapita kumaliro ku Petauke ndipo anasiya bokosi kwa ine poopa akuba. Asananyamuke analemba kanthu m'munsi mwa khadi ndi bolopeni yofiira, n'kundifunsa ngati ndaona. Ndinaliyang'ana khadi lija motsinzinira, n'kugwedeza mutu ngati kalaliki wa kuboma. Ndinati zamveka bwino lomwe.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka kudambo lina cha ku Madzimoyo, kumene kunalibe wondidziwa woti n'kukauza alamu. Ndinatulutsa khadi mwaulemu. Inu owerenga, ndinali ndekhandekha, koma ndinagwedezabe milomo ngati ndikuwerenga, mwina kuti mbalame zindilemekeze. Zopima batire ndi zoyenda mapazi makumi atatu ndinaziona ngati kutaya nthawi. M'malo mwake ndinamasula kachithumwa ka nsalu yakuda ndi mikanda kamene kankakhala pansi pa chishalo cha njinga yanga, n'kukamangirira m'khosi mwa kachidole kaja. Ndinati ngati kanditeteza kwa madalaivala a minibasi zaka zonsezi, ndege ndi chiyani?

Injini inavuta. Itagwira, pulopela, kachitsamba kozungulira kumphuno kwa ndege, inandimenya chala, magazi n'kudonthera paphiko. Ndinamanga chalacho ndi mpango, n'kutsegula moto wonse. Ndege inathamanga, inadumpha chulu, inakwera. Kwa mphindi ziwiri ndinali munthu wamkulu m'chigawo chonse cha kum'mawa. Ndikakankha kamtengo, iyo inkapendama. Ndinayamba kuganiza zokauza alamu kuti khadi lawo akakulungire fodya.

Kenako inaleka kundimvera. Ndinakankhira kumanja, iyo njo! Kumanzere, iyo njo! Ndinakweza limoti pamwamba pa mutu. Ndinaithamangira ndikukuwa kuti ibwerere, mpaka ndinaipatsa ulemu n'kumati, “Bwererani, chonde!” Ndinagwera m'dzenje la njerwa, ndipo podzuka ndinangomva kulira kwake kukutha kuseri kwa mitengo ya mango.

Ndinabisa limoti ndi bokosi m'tchire, n'kutsatira. Sindinavutike kufunsa njira, chifukwa mudzi wonse unali kuthamangira kumodzi. Ndege inali itazika mphuno padenga la nkhokwe ya mtedza, mchira uli m'mwamba, mafuta ofiira akuyenderera ndi udzu. Mwini nkhokwe anali a Nambewe, mayi wamasiye wogulitsa thobwa pamsewu. Anaima ndi lichero m'manja, pakamwa pali yasa.

Anthu anazungulira patali, ndipo aliyense anasanduka katswiri. Wina anati onani magazi amene imayendera. Wina anati kamunthu kali m'katimo akadula thupi. Chithumwa changa atachiona, amayi anagwira ana awo kumaso. Bambo wina wa mawu aakulu anati ng'ombe siisochera khola, ndegeyi yabwera kwa mwini wake, kungoti kunja kwaichera.

A Nambewe anati, “Ine ndege? Ngakhale basi ya ku Lusaka sindinakwerepo!”

Bambo uja anatembenukira kwa ine, poona bolopeni m'thumba. “Inu a m'tauni, mwaphunzira inu. Munaonapo zotere?”

Dzanja la bala linali m'thumba la buluku. Ndinaganiza za alamu, ndinaganiza za zibonga zimene anyamata ena anali atanyamula. Ndinati, “Ayi ndithu, izi ndi zachilendo.”

Ndegeyo anaikoka ndi nsungwi, n'kuitentha pamphambano. Fungo la pulasitiki litatuluka, anthu anati ndi fungo la munthu. Ine ndinatseka nawo mphuno. Madzulo ndinakatenga limoti ndi bokosi kutchire kuja, n'kubwerera kunyumba.

Alamu atabwera ndinawauza kuti kunalowa akuba. Anati akuba ake ndi aulemu, kutenga ndege n'kusiya limoti ndi bokosi. Anayang'ana chala changa nthawi yaitali, ndipo sanafunsenso. Anamwalira patapita zaka zinayi ndisanawauze zoona. Limoti inatsala kwa ine, ndipo khadi lija linatsala m'chikwama changa.

Za a Nambewe ndinkazimva kwa anthu a kumeneko obwera kudzamatitsa machubu. Ankafotokoza akuseka, kuti kuli mayi wina amamutcha a Payiloti, woyendetsa ndege. Thobwa lawo linkasasa mumtsuko opanda wogula mpaka analeka. Kukwaya benchi yawo inkakhala ya iwo okha. Mwana akadwala m'mudzimo, maso onse ankaloza khomo lawo. Ine ndinkapopa tayala, mutu uli pansi.

Nditakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi mkazi wanga anandikokera kusukulu ya akuluakulu ya kutchalitchi. Ndinakhala pakati pa amayi ogulitsa tomato, ndikuimba a, e, i, o, u, imvi zili mbuu. Chaka chachiwiri ndinatulutsa khadi lija, n'kuyamba kuliwerenga chala chikuyenda pansi pa zilembo. Mizere yakuda ndinkaidziwa kale ndi makutu. Wofiira unanditengera nthawi. Unati: “Osaulutsa. Batire ya m'kati yafa, ndikagula ina pobwera.”

Inu owerenga, munthu anandichenjeza pamaso, ine n'kuyankha kuti zamveka bwino lomwe. Ndipo ndikanangoyenda mapazi makumi atatu aja, mwina ndege ikanandiuza yokha ikadali pansi. Ngakhale nditawerenga, mantha anandisunga zaka zina. Koma chaka chatha mawondo atayamba kukana, ndinaona kuti ndikachedwa ndidzakafotokozera alamu kumanda ndisanafotokozere mwini nkhani.

Ndinawapeza a Nambewe akusenda mtedza. Ndinagwada, n'kuwaonetsa limoti, khadi ndi chipsera cha pachala. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, “Ndiye a Payiloti enieni ndinu? Ndimayesa mudzakhala munthu wooneka.”

Anandiuza kuti chabwino chimodzi chinalipo: zaka zonsezo palibe wakuba anakhudza nkhokwe yawo. Koma mwana wawo wamkazi anakakwatiwa kutali, ndipo adzukulu sabwera kudzagona. Pepani wanga anati alibe naye ntchito pakhonde, chifukwa dzina lawo silinaonongekere pakhonde. Anati ndikanene pamene anthu ali.

Lamulungu lake, misa itatha, ndinaima pabwalo la tchalitchi cha m'mudzi mwawo n'kufotokoza zonse, za mafuta ofiira, za chithumwa, za bolopeni yosalemba. Ndinawerenga khadi lonse mokweza, mzere ndi mzere, monga alamu ankafunira. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ambiri anakhulupirira, ndipo amayi a kwaya anapita kukawagwira dzanja a Nambewe. Koma ndinamva nkhalamba ina kumbuyo ikuti, “Mwaona mphamvu zake? Mpaka wakoka munthu wa m'tauni kuti adzasenze mlandu.” Pamenepo ndinadziwa kuti matope amene ndinawathira mayiwo sadzachoka onse.

Tsopano ndimaona achinyamata ndi tindege ta mabatire timene amagula m'masitolo. Ana anga, musanaulutse pimani batire, yesani mchira, yendani patali muone ngati ikukumverani, ndipo musalozetse kumene kuli anthu kapena nyumba. Muchite zimenezi ulendo uliwonse, ngakhale dzulo inauluka bwino. Ngati pali chimene simukuchidziwa, nenani kuti simukudziwa. Manyazi a mphindi imodzi amene ndinawathawa anakagwera munthu wina kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndipo ikagwa, thamangani mukanene kuti ndi yanu anthu asanaipezere mwini.

Lamulungu lija, ndisanakwere minibasi, a Nambewe anandiitanira kunyumba. Anali ataphika thobwa, koyamba chilekere. Anatunga chikho chodzaza, n'kundipatsa anthu akuyang'ana.

“Imwani, a Payiloti. Kapena mukuopa?”

Ndinamwa chonse, ndipo ndinapempha china.