Mayi Busa Ndi Mkazi wa Ndani?

Njinga yanga anaitenga Lolemba m'mawa. Sanandipemphe. Ndinaitsamiritsa pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya siwa, ndipo pobwerako kumene ndinakathandiza kupala matabwa a bokosi, ndinangopeza mizere ya matayala m'fumbi.

Anaitenga ndi a Matiyasi, mkulu wa mpingo wathu kuno ku Mongwe. Anauyamba ulendo wa ku Muloza, tsidya la Malawi, kukasaka mbusa woti adzaike maliro a malume anga.

Njinga imeneyo ndiyo munda wanga. Sukulu anandilanda kale. Chaka chimene azungu a mishoni anapakira katundu wawo, kalasi yathu inatsekedwa, akuti kwa kanthawi. Pamene inkatsegulidwanso anandiuza kuti ndakula, ndisiyire ana mpando. Kuyambira pamenepo ndimanyamula nyemba za anthu kupita nazo kumsika wa ku Milanje, pobwera ndimatenga mchere ndi sopo akapezeka. Munthu akanditengera njinga, wanditsekera pakamwa.

Koma sabata ino sindikulemba za njinga. Ndikulemba za chimene anaitengera. Ndipo mwina mudabwa, inu amene munazolowera kundiwerenga ndikulalata: mtima wanga uli m'malo.

Mpingo wathu ulibe mbusa. Amene tinali nawo anawoloka malire ufulu utangobwera kumene, akuti akukagula mabuku a nyimbo. Mpaka lero akusankhabe mabukuwo. Sindiwanyoza kwambiri, chifukwa masiku amenewo kolala yoyera ya ubusa inkaitana mafunso ambiri a boma. Atangochoka, akulu a mpingo anayamba kudwala Lamulungu lililonse. Uyu mwendo, uyu mutu, uyo ali kumunda wa gulu. Tchalitchi chinakhala chotseka mpaka mbuzi zinazolowera kugona pakhonde pake.

Amene anachitsegula ndi a Rozalina, mayi wamba wolima chinangwa ngati amayi anu. Anasesa, anamenya chitsulo chija timachiyesa belu, anawerenga malemba kwa amene anabwera. Sabata yotsatira anabwera ambiri. Zaka zapita tsopano ndipo ndi iwo amene amalalikira, amaphunzitsa ana, amayendera odwala. Koma paguwa sakwerapo. Amaima pansi, pafupi ndi benchi la ana, guwa lili kumbuyo kwawo lopanda munthu, likusonkhanitsa fumbi loti iwo omwewo adzapukute.

Anthu anayamba kuwatchula kuti Mayi Busa.

Nonse mukudziwa kuti dzina limeneli ndi la mkazi wa abusa. Tsono amuna awo a Rozalina ndi a Kasimiro, okhoma zidebe ndi mbaula pamsika, amene tchalitchi amachiona pokhapokha akamadutsa kupita kokamwa. Komabe dzinalo linatikomera tonse. Amayi ankalitchula akutanthauza mbusa. Akulu ankalitchula akutanthauza mkazi wothandiza. Aliyense ankamva zake, ndipo palibe amene anatsamwa nalo.

Maliro okha ndiwo ankadikira mwamuna. Panali mlaliki wina wokalamba kutsidya kwa dambo amene ankabwera kudzanena mawu a pamanda. Maso ake atafa, ana ake anadzamutenga kupita naye ku Majawa. Malume anga ndiwo anakhala oyamba kumwalira iye atachoka.

Adzukulu anamaliza kukumba Lolemba lomwelo. A Matiyasi sanabwere. Lachiwiri dzuwa linatuluka lija la chilimwe, lopsereza ngakhale mthunzi. Sindifuna kunena zambiri za malume anga, munthu amene anandigulira kabudula woyamba wa kusukulu. Ndingoti amayi a m'nyumba ya siwa anayamba kusendera kukhomo mmodzimmodzi, nsalu zili pamphuno, akunamizira kupukuta misozi.

Dzuwa litafika pamutu anabwera sekeretale wa chipani wa dera lathu. Anapepesa bwinobwino, kenako anati, "Akamarada, anzanga, thupi ili silingagonenso. Ngati a mpingo mwalephera, ndiyankhula ine, tiike." Sananame. Koma malume anaimba m'tchalitchi chimenecho kuyambira ali mnyamata, ndipo akazi awo, azakhali anga a Lusiya, sankafuna kuti amuna awo atsike m'manda ndi mawu a chipani a ulimi wa thonje.

Apa m'pamene a Bonifasi, mkulu wina wa mpingo, anandikodola. Tinapita kuseri kwa nkhokwe. M'manja anali ndi buku la mapemphero.

"Iwe Zeka, paja sukulu unapita nayo patali."

"Patali pake pati, abambo? Si munandiona ndikubwerako?"

"Koma kuwerenga umatha. Tenga bukuli. Ungowerenga pamene ndapindapa, kenako uponye dothi. Basi."

"Ine?"

"Nanga ndani? Ine magalasi anasweka chaka chatha."

"Abambo, munandiona liti komaliza m'tchalitchi?"

"Zimenezo tidzakamba tsiku lina."

"Loweruka munandipeza pamsika ndili ndi kapu ya kachasu. Munayang'ana kumbali."

"Ndati tidzakamba. Pano chofunika ndi mwamuna."

"A Rozalina ali m'nyumbamo."

"Amene aja ndi Mayi Busa. Mayi Busa saika maliro."

"Ndi akazi a abusa ati?"

"Usachite chipongwe pamaliro a malume ako," anatero, n'kundikankhira bukulo pachifuwa.

Taganizani nane, awerengi. Mbali iyi kuli mayi amene wanyamula mpingo wonse pamutu kwa zaka, amene amadziwa dzina la mwana aliyense ndi matenda a nkhalamba iliyonse. Mbali iyo kuli ine, amene pemphero langa lomaliza linali loti tayala lisaphulike pa chitunda cha ku Milanje. Akulu anayeza awiriwa ndipo ndinalemera ndine. Ndili ndi chiyani chimene a Rozalina alibe? Buluku. Ndipo buluku lake lazigamba.

Ndinatenga bukulo n'kupita kukagwada pakhomo la nyumba ya siwa, poti mwamuna salowa pakati pa amayi olira.

"Azakhali, akuti ndiwerenge ine."

Anadzutsa mutu. Maso anali otupa, koma anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iweyo? Malume ako angadzuke kudzakulanda bukulo."

Amayi ena anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedera. Azakhali analandira bukulo n'kuliika pamiyendo ya a Rozalina.

"Mayi, mundiyambanitsa ndi akulu," anatero a Rozalina motsitsa mawu. "Tidikireko pang'ono. Mwina ali m'njira."

"Tadikira mpaka ntchentche zatidziwa mayina. Pamene amuna anga ankatsokomola magazi, amene munkabwera ndinu. Amene munawagwira dzanja ndinu. Munayamba nawo ulendowu, afikitseni."

A Rozalina anamanga bwino duku lawo, anatseka maso kanthawi, kenako anaimirira.

Kumanda anakaima kumutu kwa dzenje, pamalo pamene sindinaonepo mkazi ataima chibadwire. Mawu oyamba sanamveke kwa amene anali kumbuyo. Kenako mawu anakhazikika. Anawerenga zimene zinalembedwa. Atatha anatseka buku n'kupemphera m'Chinyanja, kenako m'Chilomwe, chifukwa abale a malume ochokera kuphiri samva bwino Chinyanja. Anatchula za munthu amene ankamudziwa: mmene ankayambira nyimbo pamwamba kwambiri mpaka amayi kulephera kumutsata, mmene ankagawira mbewu ya nyemba kwa amasiye osauza mkazi wake. Azakhali anaseka ali mkati molira. Dothi loyamba linagwa kuchokera m'dzanja la a Rozalina, ndipo linamveka pabokosi monga limamvekera dothi lililonse.

A Bonifasi anaima patali, pansi pa mtengo, atapinda manja. Koma nyimbo itayamba analephera kudzigwira. Besi yawo ija inatuluka yokha.

A Kasimiro anali pakati pa okwirira, ali bwinobwino, osanunkha kanthu. Mnzawo wina anawagunda ndi chigongono.

"Bambo Busa, kwirirani mwaulemu, anthu akukuonani."

"Ine ndimakhoma zidebe, achimwene. Za kumwamba funsani akazi anga."

Sekeretale naye anakondwa. Pobalalika anatiuza kuti izi ndiye zimene boma likunena, kuti mkazi wamasulidwa. Ndinafuna kumufunsa kuti pampando wake padzakhala liti mkazi, koma ofunsa zotere amatumizidwa kukalima kutali, ndipo ine sindikufuna kukalima kumene sindinasankhe.

Tsopano ndikudziwa zimene ena mukunena kale. Pali vesi. Ndikulidziwa, ndinaliwerenga kumishoni asananditulutse, lija lonena kuti akazi akhale chete mumpingo. Sindine wophunzira woti ndikangane ndi malemba, ndipo sindinena kuti aliyense wolitchula ndi woipa mtima. A Bonifasi si munthu wankhanza. Ankaopa kulakwira Mulungu, ndipo mantha amenewo ndimawalemekeza kuposa mmene ndimalemekezera zinthu zambiri. Panalinso agogo ena aakazi amene anakana kupita kumanda, akuti zimenezi n'zachilendo. Nkhaniyi si ya amuna okha.

Funso langa n'lakuti, vesi limeneli limagona kuti masiku ena onse?

Pamene a Rozalina ankathamangitsa mbuzi pakhonde la tchalitchi, linali m'tulo. Pamene ankalalikira Lamulungu ndi Lamulungu, akulu atakhala pabenchi lakutsogolo akugwedeza mitu, linali m'tulo. Pamene ankayenda m'matope kukapempherera odwala, pamene ankaitanidwa kukayankha mafunso chifukwa chosonkhanitsa anthu, silinatsokomole n'komwe. Limadzuka pokhapokha ntchito ikakhala ndi ulemu: guwa, kolala, kumutu kwa manda. Ngati kukhala chete kwake n'kumeneko, bwenzi titawaletsa Lamulungu loyamba lija, n'kusiyira mbuzi nyumbayo. Sitinawaletse. Tinadya zimene anaphika, lero tikuti sayenera kugwira chipande.

Ndipo taonani mawu enieniwo. Mbusa ndi munthu woweta. Kwathu kuno anyamata ambiri anapita, ena ku usilikali, ena kuminda ya tiyi, ndipo amene akupirikitsana ndi mbuzi kudambo ndi atsikana. Mbuzi ikalowa m'munda mwanu mumafunsa kuti mbusa wake ndani, ndipo akakulozerani mtsikana simunena kuti ayi, ameneyo ndi mkazi wa mbusa. Mumamukalipira iyeyo, chifukwa ndiye akuweta. Mawuwa alibe ndevu. Ndevu tinachita kuwamata tokha.

Ine za maudindo sizindikhudza. Sindidzakhala mbusa, sindidzakhala mkulu wa mpingo, mwinanso Lamulungu likubwerali simundiona. Koma ndatopa ndi anthu amene amalola ntchito kugwiridwa, n'kumakana kuitchula dzina lake. Anandichita zomwezo kusukulu: sananene kuti andichotsa, anati ndakula. Mawu ofewa amabisa zinthu zambiri kuno kwathu.

A Matiyasi anafika Lachitatu masana, akukankha njinga yanga, gudumu lakumbuyo litapindika. Pambuyo pawo pankabwera abusa achikulire a ku Muloza, jekete lili paphewa, mapazi atatupa m'nsapato. Anawachedwetsa pamalire chifukwa cha giya, chikalata chija chololeza munthu kuyenda, kenako njinga inawagwetsa m'ngalande. Abusawo anali munthu wofatsa. Anayenda mtunda wonsewo chifukwa cha munthu amene sanamuonepo, ndipo ndinalephera kuwakwiyira ngakhale ndinayesa.

Atakhala pampando n'kumwa madzi, anamva kuti maliro tinaika dzulo lake.

"Mwachita bwino, dzuwa ili si loseweretsa. Anatsogolera ndani?"

"Mayi Busa," anayankha a Bonifasi akuyang'ana pansi.

"Kani muli nawo abusa? Nanga ine mwandivutitsiranji? Ali kuti amuna awo, ndiwapatse moni?"

Mitu yonse inatembenukira kwa a Kasimiro, amene anakhala patsinde pa nkhokwe akuwongola chidebe cha azakhali ndi mwala. Iwo anakweza dzanja mwaulemu.

"Wawa, abusa."

Abusa aja anayang'ana a Kasimiro, anayang'ana a Rozalina amene ankatolera makapu, ndipo anamvetsa. Sanakalipe. Anasisita bondo. Pamapeto pake anati, poti afika kale, angathe kupita kumanda kukanenanso mawu aja, kuti zonse zikhale m'dongosolo lake ndipo pasakhale wokayika. Nkhope ya a Bonifasi inawala. A Matiyasi anayamba kale kuimirira. A Rozalina anangoima ndi makapu m'manja, maso ali pansi.

Azakhali anatuluka m'nyumba, anagwada patsogolo pa mlendoyo monga mwa mwambo.

"Abusa, zikomo, mwayenda ulendo wautali chifukwa cha ife. Khalani, mudye, mupemphere nafe otsalafe, poti ndife tikufuna pemphero. Koma amuna anga anagona dzulo, ndipo anagona bwino. Musawadzutse."

Abusa anagwedeza mutu, navula nsapato zawo.

Tsono inu amene mukunong'onabe kuti manda aja sanatsekedwe bwino chifukwa anatseka ndi mkazi, makasu a adzukulu akadali kwa azakhali. Ndani mwa inu ayambe kufukula?