Nansongole wa ku Naperi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera a Yusufu, dalaivala wa minibasi yemwe tinkakhala naye moyandikana ku Mbayani. Anandiperekeza ku Naperi kwa alongo awo, mayi Asiyatu, omwe ankafuna wothandiza a Likoswe, mkulu yemwe anasamala maluwa pakhomopo zaka zambiri.

Kuseri kwa nyumba, kufupi ndi mtsinje, kunali nansongole. Udzu umenewu umamera paliponse, m'madambo ngakhale m'mbali mwa msewu. Masamba ake ndi owongoka, ocheka m'mphepete, ndipo ngayaye zake ndi zoyera ngati thonje. Koma nkhanza zake zili pansi: mizu yoyera yoyanga m'dothi, ya nsonga zolasa ngati zingano.

A Likoswe anandilangiza kazulidwe kake kamodzi kokha. "Khasu ayi. Kumba ndi foloko, sasa dothi, mizu uyanike palata, ikauma utenthe."

Ine ndinaona ngati nkhalamba ikungokonda kuvutitsa anthu. Kwathu udzu sitiwotcha, timakwirira kuti usanduke manyowa. Tsiku lomwe iwo anapita kuchipatala, ndinatenga khasu n'kuduladula mizu yonse, kusakaniza ndi manyowa, n'kumwaza pakapinga wakumaso komwe tinkakonzera ukwati wa mwana wa mayiwo. Ndinanyadira kuti ntchito ya sabata ndaithetsa tsiku limodzi.

Mvula inagwa. Patapita masabata atatu, kutatsala masiku anayi kuti ukwati uchitike, mayi Asiyatu anatuluka m'mawa opanda nsapato kukaona poyala mikeka ya alendo. Ndinangomva kukuwa. Ndinawapeza atakhala pansi, magazi akutuluka kuphazi. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kuti tinsonga ta nansongole tinali titatuluka pakapinga ponse, paja kachidutswa kalikonse ka muzu kamaphuka pakokha.

"A Likoswe, alendo anga avula nsapato pamenepa? Ngati maso atha, nenani mukapume kumudzi."

Mkuluyo anagwada, nazula kansonga kamodzi, n'kuona podulidwa ndi khasu. Anandiyang'ana. Kenako anavula chipewa. "Pepani mayi, ndalakwa."

Ndinachita mantha, komanso manyazi. Ndikanangokhala chete, ntchito yonse ikanakhala yanga. Koma ndinayankhula.

"Mayi, si iwowa. Anandiuza kuti nditenthe, ine ndinakwirira."

Mayi Asiyatu sanakuwenso. "Uzule wonse, ukamaliza usadzabwerenso."

Masiku atatu tinakwawa ndi mawondo, a Likoswe pambali panga ngakhale msana unkawapweteka. Ukwati unachitika pamipando yobwereka. Ine sindinauone, ndipo a Yusufu anatha mwezi osandiyankha moni.

Lero ndimasamala kapinga m'maofesi angapo ku Chichiri, ndipo ndili ndi antchito anga. Watsopano akabwera sindingomuuza chochita, ndimamuuzanso chifukwa chake. Ndimakumba muzu wa nansongole, ndimamugwiritsa nsonga ndi chala mpaka atazimva, ndiyeno ndimamupatsa foloko.