Masamba Anayi Amene Atelala Sanalembe

Achemwali anga ndi telala. Ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato, makina amodzi opalasa ndi mwendo, ndi galasi long'aluka pakona. Anthu amangowatchula kuti Atelala. Chomwe ambiri sankadziwa n'chakuti pansi pa mulu wa zidutswa za nsalu ankabisapo makope. Kasitomala akachedwa, ankasolola kope n'kumalemba ndi pensulo yomweyo yolembera miyezo ya m'chiuno.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankalemba nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake ankamumenya, mpaka tsiku lina mayiyo anamanga katundu, kubereka mwana, n'kuchoka osacheuka. Achemwali sanachite kufunsa munthu za moyo wotero. Dzino lawo lakutsogolo linatsalira m'banja lawo loyamba.

Kampani ina yosindikiza mabuku inailandira nkhaniyo. Mkonzi wa kumeneko, bambo wa mawu okoma ngati uchi, anati, "Mayi, mwalemba bwino zedi. Ife tingowongola mwina ndi mwina." Achemwali anasaina pepala mwachimwemwe.

Tsiku lomwe mabuku anafika ine ndinalipo. Anatsegula katoni ndi sizasi yodulira nsalu, ananunkhiza buku limodzi, n'kuseka ngati mwana. Kenako anatembenuzira kumapeto. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, mwadzidzidzi inaima.

"Mng'ono wanga, tawerenga apa. Kapena maso angawa akalamba."

Ndinawerenga. Mayi uja anali atabwerera! Anagwada pakhomo, kupepesa mwamuna wake chifukwa cha mtima wapachala, mwamunayo n'kumukhululukira. Masamba anayi athunthu amene achemwali sanalembemo ngakhale liwu limodzi, koma pachikuto dzina lawo lili ngwee.

Tinapita ku ofesi ya kampaniyo tsiku lomwelo, ulusi udakali pa diresi lawo. Anatidikiritsa pabenchi maola awiri.

"Bambo, wamugwaditsa ndani mayi uja?" anafunsa achemwali tisanakhale n'komwe pampando.

"Khazikani mtima pansi, mayi," anatero mkonziyo. "Buku lizimanga mabanja, osati kupasula. Ndi sukulu iti ingalandire nkhani ya mkazi wothawa banja? Ife takuthandizani."

"Mwandithandiza? Inu mutabwera ndi suti kuti ndifupikitse manja, ine n'kuisandutsa siketi, mungati ndakuthandizani?"

Mkonziyo anangoseka. Anatulutsa pepala lomwe achemwali anasaina, n'kuloza mzere wa tizilembo tokhala ngati nyerere, wonena kuti kampani ili ndi ufulu wokonza. Kukonza! Munthu wakudula mwendo, n'kumati wakuwenga zikhadabo. Ine ndinkafuna kugubuduza tebulo lake, koma achemwali anandigwira mkono, tinatuluka.

Sanalire. M'mawa mwake anakataipitsa mutu womaliza wa nkhani yawo monga anaulembera, kuuchulukitsa pa fotokope, n'kukhala pamakina. Buku lililonse la m'katoni muja analidula masamba anayi aja ndi lumo, n'kusokererapo awo ndi ulusi wofiira. Masingano atatu anathyoka, koma mayi uja anachokanso, mwana kumsana.

Mkonzi atamva anatumiza kalata yoopseza, yoti akuononga katundu wa kampani. Achemwali anaiwerenga kawiri, n'kuidula kukhala patani ya kolala.

Mabuku a m'masitolo akadali ndi bodza lija, ndipo ndi ochuluka kuposa athu. Kwinakwake mtsikana akuwerenga kuti wakumenya uzimugwadira, n'kumaganiza kuti akumuuza zimenezo ndi achemwali anga. Ndikakumbukira, mtima umachita kuwira. Kupepesa kampaniyo sinapepese mpaka lero.

Koma mbiri inayenda. Azimayi ena amabwera ndi buku lawo kukachipinda kuja, n'kunena chapansipansi, "Atelala, tandisokereniko mathero enieni." Sabata yatha kunabwera aphunzitsi ena aakazi ndi mabuku makumi atatu a kalasi yawo yonse. Achemwali anakankhira kumbali diresi laukwati lomwe ankasoka, ndipo mkwatibwi anachita kudikira mpaka Lachinayi.