A Mackson Anasuta Mathero a Nkhani

Justina Namwaka wa ku Misuku atamaliza sukulu, onse ankati akhala namwino. Iye ayi, mtima unali pa mabuku. Bambo ake anagwira pakamwa: "Mwana wanga, kulondera mapepala nayonso ndi ntchito?"

A Davison, mkulu wa laibulale ya kuboma, anamupatsa bokosi la mabuku kuti azikabwereketsa kwawo, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Akachita bwino, adzamulemba ntchito.

Koma mabuku anayamba kubwerera ataonda, masamba akumapeto kulibe. Sichinali chiswe. Masiku amenewo a chipani chimodzi, nyuzipepala inkadzaza zithunzi za mtsogoleri, ndiye ndani akanalimba mtima kupichiramo fodya n'kuyatsa, a yufi a chipanicho ali pompo? Buku ndiye linalibe mlandu. Abambo ankabwereka mwaulemu kwambiri, ena osadziwa n'kuwerenga komwe, n'kumakasuta pang'onopang'ono.

A Davison ataona mabukuwo anakwiya. "Zikachitikanso, bokosi ndilanda, za ntchito uiwale."

Justina analira, kenako anapsa mtima. Loweruka lina anapita kumene alimi amatsukira khofi, nakhala pathumba, n'kuyamba kuwerenga mokweza nkhani ya mlenje wothamangitsidwa ndi njati. Abambo anasiya zochita, makutu tcheru. Mlenje atafika paphompho, njati ili m'mbuyo, Justina anatseka buku.

"Pitirizani, mama!" anakuwa mlimi wina.

"Zathera pomwepa, adada. Zotsalazo wina anasuta."

Abambo anayang'anana. Kenako maso onse anatembenukira kwa malume ake a Justina, a Mackson, omwe ndudu yawo inkafuka pakamwa, zilembo zikuonekera poyera.

"Asibweni," anafunsa Justina mwaulemu, "mlenje uja anapulumuka?"

A Mackson anayang'ana nduduyo ngati iwayankha, n'kuizimitsa ndi chala. Anzawo anawazazira mpaka khofi kuiwalika.

Kuyambira tsiku limenelo fodya anabwerera m'makoko a chimanga. Wobweza buku ankaliunikira pamaso pa anzake, ndipo tsoka kwa amene lake laonda! A Davison atabwera anapeza bokosi lili bwinobwino, abambo akulimbirana mabuku. Justina analembedwa ntchito, ndipo bambo ake aja ndi amene anayamba kudzitama pamsika.

Pa malipiro ake oyamba sanaiwale kwawo: anaitanitsa buku lina la mlenje uja, lathunthu. Apo n'kuti a Mackson atalowa sukulu ya kwacha chifukwa cha manyazi. Anakana kuti wina awawerengere. Analondola mizere ndi chala chomwe chija, thukuta kamukamu, mudzi wonse ukudikira. Kenako anadzutsa mutu, misozi ili m'maso.

"Wapulumuka, mwana wane! Wapulumuka!"